Chingerezi cha Pantchito M'mbali mwa Nyanja ku Salima

Anthu ambiri ogwira ntchito ndi ochita malonda ku Salima anaphunzirapo Chingerezi kusukulu, ena mpaka Fomu 4. Komabe ikafika nthawi yoyankha imelo ya bwana, yolandira mlendo pahotela kapena yolemba koteshoni, amapeza kuti zimene anaphunzira m'kalasi ndi zina, zimene ntchito ikufuna ndi zinanso. Kusiyana kumeneku kuli ndi zifukwa zake, ndipo munthu akazimvetsa, kuphunzira kumapepuka.

Kodi Chingerezi cha pantchito n'chiyani?

Si chiyankhulo chapadera. Galamala yake ndi yomweyo ya kusukulu, ndipo mawu ake ambiri ndi wamba. Chimasiyana ndi cha m'kalasi pa cholinga: pantchito munthu amayankhula kapena kulemba kuti kanthu kachitike. Katundu afike Lachinayi, chipinda chisungidwe, makina akonzedwe, ndalama ilipidwe. Zochita zake n'zowerengeka ndipo zimabwerezabwereza: kupempha, kutsimikizira, kufotokoza vuto, kupepesa, kukana mwaulemu, ndi kulemba zimene anthu agwirizana kuti zisaiwalike. Wochita zimenezi momveka ndi mawu ochepa amathandiza ntchito kuposa wodziwa mawu akuluakulu amene amasiya womvera akudzifunsa kuti achite chiyani. Ntchito iliyonse ilinso ndi gawo lake la mawu. Monga msodzi wopita ku usipa amanyamula chilimira ndi nyali n'kusiya matchera a chambo kumtunda, woperekera zakudya pahotela sayenera kuyamba ndi mawu a akauntanti, ndipo kalaliki wa kufakitale sayenera kuyamba ndi mayina a zakudya.

Ndani amachifuna ku Salima?

Salima ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe kudzera mumsewu wa M14, choncho kwa anthu a mumzindawo nyanja yapafupi ndi ya ku Senga Bay. Mahotela monga Sunbird Livingstonia ndi malo ena ogona amalandira alendo akunja, komanso misonkhano ya maunduna a boma ndi mabungwe. Kumtunda kuli Salima Sugar Company, imene boma linakhazikitsa mogwirizana ndi amalonda ochokera ku India. Kuli Malawi Mangoes, imene imakonza mango n'kutumiza kunja. Ku Nanjoka kuli malo opangira magetsi a dzuwa a kampani ya JCM, okwana mamegawati 60, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021. Ku Kambiri Point, Stuart Grant anayambitsa m'zaka za m'ma 1970 malonda otumiza kunja nsomba zamoyo zokongola, monga mbuna. Onjezanipo nkhalango ya Kuti, doko la Chipoka, mabanki ndi maofesi a khonsolo. Konseku anthu amacheza m'Chichewa kapena m'Chiyao, koma chilichonse cholembedwa chimakhala m'Chingerezi. Ngakhale mayi wogulitsa tomato kuhotela amakumana nacho pa fomu yolandirira ndalama.

Chinakhala bwanji chiyankhulo cha m'maofesi?

Chinabwera ndi amishoni ndi boma la atsamunda la Nyasaland, ndipo ufulu wa 1964 sunachichotse pamalo pake. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha dziko, koma ntchito za boma, makhoti ndi maphunziro apamwamba zinapitirira kuyenda m'Chingerezi. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana. Kusukulu ndondomeko yakhala ikusinthasintha: mu 1996 unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, kenaka lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira. Malamulo a ntchito, mafomu a msonkho, makalata a banki ndi zolengeza za makontrakiti a boma zonse zimatuluka m'Chingerezi. Kampani iliyonse, ngakhale eni ake atakhala a ku Salima komweko, imakakamizika kusunga mabuku ake m'chiyankhulo chimene boma ndi banki zimawerenga.

N'chifukwa chiyani cha kusukulu sichikwanira?

Kuti munthu alandire satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza Chingerezi, choncho ophunzira amachilimbikira kwambiri. Koma mayeso amayesa luso lolemba chimangirizo, kuyankha mafunso a galamala ndi kufotokoza mabuku. Wophunzira amazolowera kuti kulemba zambiri ndi kugwiritsa ntchito mawu ovuta kumabweretsa malikisi. Pantchito n'zosiyana: wowerenga ali ndi mauthenga ambiri patebulo ndipo akufuna mfundo m'chiganizo choyamba. Chinanso n'chakuti m'kalasi la ana ochuluka mpata woti aliyense ayankhule umachepa, ndipo Chingerezi chimene mwana amamva ndi cha mphunzitsi wake yekha. Akakula n'kukumana ndi mlendo wa ku Scotland, injiniya wa ku India kapena woyendetsa galimoto wa ku South Africa, khutu limadabwa ndi katchulidwe kachilendo. Vutolo si umbuli. Ndi luso la kumva ndi kuyankha msanga limene silinapatsidwe nthawi yoyeserera.

Manambala, masiku ndi nthawi

Zolakwika zowononga ndalama zambiri sizichokera m'galamala koma m'manambala. Pafoni, “fifteen” ndi “fifty” zimamveka mofanana, ndipo pakati pa K15,000 ndi K50,000 pali phindu lonse la tsikulo. Njira yake ndi kubwereza nambalayo manambala ake amodziamodzi, kenaka kuitumiza yolembedwa. Masiku nawo amasokoneza: kuno 04/05 ndi 4 May, koma kwa mlendo wa ku America ndi April 5. Wosungitsa zipinda wochenjera amalemba dzina la mwezi m'mawu, n'kuwonjezera tsiku la pasabata. Pa nthawi, “half seven” kwa Mmalawi ndi Mngelezi ndi 7:30, pamene m'Chijeremani theka la ola limalozera ola likubwera, moti mlendo wa ku Germany akhoza kudikira boti pa 6:30. Kulemba 07:30 kapena 19:30 kumathetsa nkhani yonse. Pa mtengo, nenani ndalama yake, kaya ndi kwacha kapena dola, ndiponso ngati mtengowo uli wa munthu mmodzi, wa chipinda kapena wa boti lonse.

Pamene Chichewa chimalowerera

Aliyense wophunzira chiyankhulo chachiwiri amatengera zizolowezi za choyamba, ndipo zitatu mwa izo zimabweretsa chisokonezo pantchito. Choyamba ndi funso lokana. Bwana akafunsa kuti “Galimoto sinabwere?” ife timayankha kuti inde, kuvomereza kuti sinabwere. M'Chingerezi yankho lomwelo limamveka ngati galimoto yabwera. Chotetezeka ndi kuyankha ndi chiganizo chathunthu chonena kuti yafika kapena sinafike. Chachiwiri ndi l ndi r, zimene m'Chichewa sizisiyanitsa tanthauzo la mawu. M'Chingerezi “collect” ndi kukatenga, “correct” ndi kukonza cholakwika, ndipo pa invoisi zimenezi ndi ntchito ziwiri zosiyana. Chachitatu ndi “he” ndi “she”: ife timati iye kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, choncho pofotokoza nkhani ya anthu awiri n'zosavuta kusokoneza kuti wanena ndani, walipira ndani. Kutchula dzina kapena udindo wa munthuyo kumathandiza. Katchulidwe ka Chimalawi pakokha si vuto, ndipo palibe chifukwa chodzipotokola lilime kuti mumveke ngati wa ku London.

Ulemu umaoneka bwanji m'Chingerezi?

M'Chichewa ulemu uli m'kati mwa mawu: timati inu kwa wamkulu, timaika a patsogolo pa dzina, timati bwerani osati bwera. Chingerezi chili ndi “you” mmodzi kwa bwana ndi kwa mwana, choncho ulemu wake umadzera njira ina. Lamulo limasandulika funso, monga “Could you sign here, please?” Munthu womasulira mwachindunji mawu aulemu akuti ndipatseni amamveka ngati akulamula, pamene mumtima mwake akulemekeza. Mbali ina, kudzichepetsa kwambiri m'kalata, ndi mawu ambiri opempha chifundo, kumachititsa wowerenga kukayikira ngati wolembayo akuidziwa ntchito yake. Nkhani yaikulu ndi kukana. Kwathu kukana maso ndi maso kumaoneka ngati mwano, ndiye timati tiona kapena tiyesetsa, ndipo womva amadziwa kuti mwina sizitheka. Mlendo kapena wogula wakunja amamva ngati lonjezo. Ulemu umene iye amayembekeza ndi kuuzidwa msanga kuti sizitheka, chifukwa chake, ndi chimene chingatheke m'malo mwake.

Kulandira mlendo

Palisepushoni, palesitilanti kapena paboti lopita ku Namalenje, zokambirana zimatsata njira imodzimodzi tsiku ndi tsiku: moni, kumva chimene mlendo akufuna, kubwereza kuti mutsimikize, kunena mtengo ndi nthawi, kutsanzikana. Chifukwa cha kubwerezaku, ziganizo zochepa zophunziridwa bwino zimagwira ntchito yaikulu. Mbali yovuta ndi dandaulo. Mlendo akati madzi otentha sakutuluka kapena chakudya chachedwa, safuna mbiri ya vutolo kapena kumva kuti wolakwa ndi wa shifiti ina. Amafuna kupepesedwa kamodzi, kuuzidwa chimene chichitike ndi nthawi yake, ndiponso kuona munthu yemweyo akubweranso kudzamuuza pamene zafika. Pa zakudya pamafunika kusamala koposa, chifukwa mlendo akanena kuti thupi lake limadana ndi mtedza kapena mkaka, imeneyo ndi nkhani ya moyo. Ngati simunamve, funsani kachiwiri. Safunsa anadya phula, ndipo palibe mlendo amakwiya chifukwa chopemphedwa kubwereza pang'onopang'ono.

Mapepala a malonda amatsatana bwanji?

Wogulitsa mpunga wa ku Lifuwu, nsomba kapena nkhuku kuhotela ndi kumabungwe amadutsa m'mapepala asanu, lililonse ndi ntchito yake. Koteshoni imanena zimene mungagulitse ndi mtengo wake. Wogula akavomera amatumiza LPO, chikalata chotsimikiza kuti waitanitsa katunduyo. Katundu akafika, wolandira amasayina “delivery note” kuvomereza kuchuluka kwake ndi mmene alili. Kenaka invoisi imapempha malipiro, ndipo lisiti imatsimikiza kuti ndalama yalandiridwa. Mapepala onsewa ayenera kugwirizana pa dzina la katundu, muyeso ndi mtengo. Thumba lilembedwe kuti ndi la makilogalamu 50, osangoti thumba. Mabungwe akuluakulu amafunanso nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, ndi kudziwa ngati mtengo ukuphatikiza VAT. Mzere wina waung'ono koma wofunika ndi wonena masiku amene koteshoniyo ikhale ikugwira ntchito. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo pa nthawi zotere koteshoni yopanda malire a masiku imamanga wogulitsa pa mtengo wakale.

Imelo ndi WhatsApp

Imelo yabwino ili ndi mutu wonena nkhani yeniyeni, monga nambala ya invoisi kapena tsiku la msonkhano. Pambuyo pa moni wachidule, chiganizo choyamba chimanena chimene mwalembera. Zotsatira zimapereka mfundo zofunika, ndipo chomaliza chimanena chimene mukufuna kuti wolandirayo achite ndi tsiku lake. Nkhani imodzi, imelo imodzi: mukasakaniza za malipiro ndi za tchuthi, imodzi imaiwalika. Malonda ambiri m'mbali mwa nyanja amayenda pa WhatsApp, ndipo palibe cholakwika, bola kukumbukira kuti uthenga wa pantchito ndi umboni. Moni wopanda nkhani, wodikira kuti wina ayankhe kaye, umachedwetsa zinthu. Lembani moni ndi nkhani pamodzi. Uthenga wa mawu ojambula ndi wovuta kuufufuza pakapita mwezi, choncho mtengo, tsiku ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba zilembedwe. Mukagwirizana kanthu pafoni, tumizani mizere iwiri yobwereza zimene mwagwirizanazo. Chizolowezi chimenechi chimateteza wantchito wamng'ono kuposa wina aliyense.

Lipoti ndi maminitsi

Mlonda, dalaivala, mlangizi wa zaulimi kapena mlembi wa komiti ya asodzi padoko, aliyense tsiku lina amauzidwa kuti alembe lipoti. Lipoti la chochitika limayankha mafunso motsatana: chachitika n'chiyani, liti, kuti, panali ndani, mwachitapo chiyani, chatsala n'chiyani. Limasiyanitsa zimene wolemba waona ndi maso ndi zimene wangomva kapena akuganizira. Maminitsi a msonkhano salemba mawu onse amene anthu ayankhula. Amasunga chigamulo, dzina la woti achite, ndi tsiku lomalizira. Chingerezi cha m'maofesi chimakonda ziganizo zonena kuti kanthu kadzachitidwa osatchula wochita, ndipo msonkhano wotsatira umapeza kuti palibe wachita. Ku Salima kawirikawiri zokambirana zimachitika m'Chichewa kapena m'Chiyao, lipoti n'kupita ku Lilongwe m'Chingerezi. Pamenepo mlembi ndi womasuliranso, ndipo n'kwanzeru kuwerengera anthu zigamulozo m'chiyankhulo chawo asanabalalike, kuti cholembedwa chikhale chimene iwo anenadi.

Kufakitale ndi pamalo omanga

Pamalo otere Chingerezi nthawi zambiri chimayankhulidwa pakati pa anthu amene onse anachiphunzira ngati chiyankhulo chachiwiri: Mmalawi, Mmwenye, Mchayina kapena wa ku Zimbabwe. Miyambi ndi nthabwala za Chingerezi sizithandiza pamenepa. Chothandiza ndi ziganizo zazifupi, lamulo limodzi pa nthawi imodzi, ndi kubwereza zimene mwauzidwa kuti wolamulayo amve ngati mwamva zolondola. Phokoso la makina limachititsa kuti chizolowezi chimenechi chikhale cha chitetezo. Zikwangwani zochenjeza, malangizo a pa zigubu za mankhwala a m'munda ndi mabuku a makina zimabwera m'Chingerezi, ndipo mawu ake ndi ochepa okwanira kuwaloweza m'masabata oyamba. Posinthana shifiti pamakhala buku lolembamo mmene makina asiyidwira. Mzere umodzi wosamveka m'bukumo ungavulaze wolowa usiku. Kumakampani otumiza katundu kunja kumawonjezereka zolemba za ukhondo ndi za chiyambi cha katundu, zimene ogula akunja amayendera asanavomere kugula.

Kalata ya ntchito ndi pepala la malipiro

Chingerezi cha pantchito sichitumikira bwana yekha. Lamulo la ntchito la 2000 limafuna kuti wolemba anthu ntchito apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza mfundo za ntchito yake, monga malipiro, maola ogwira ntchito ndi nthawi ya notisi. Limanenanso kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mpata wodziteteza. Kontrakiti ndi makalata ochenjeza zimalembedwa m'Chingerezi, ndipo ambiri amasayina osawerenga poopa kuoneka ovuta. Musanasayine, pezani mayankho a mafunso awa: ntchitoyi ndi yokhazikika kapena ya nyengo, nthawi yoyesedwa ndi yaitali bwanji, ovataimu imawerengedwa motani, ndipo ndalama yatchulidwayo ndi ya msonkho wa PAYE ndi penshoni zisanadulidwe kapena zitadulidwa. Kupempha kuti mutenge chikalatacho mukawerenge kunyumba si mwano. Mkangano ukafika ku ofesi ya zantchito kapena ku Industrial Relations Court, zolembedwa ndi zimene zimafunsidwa poyamba.

Pofunsira ntchito

Kalata yofunsira ntchito ndi CV ndi mayeso oyamba a Chingerezi cha munthu, ngakhale palibe amawatchula choncho. Makalata ambiri amafanana chifukwa amakoperana, ndipo onse amanena kuti mwini wake ndi wolimbikira ndi wokhulupirika. Wolemba anthu ntchito amafuna zinthu zogwirika: munagwira kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, mumachita chiyani kwenikweni, mumadziwa kugwiritsa ntchito makina ati kapena pulogalamu iti ya pakompyuta. Werengani bwino chilengezo cha ntchitoyo, ndipo kalata yanu iyankhe zimene chafunsa. Pa intavyu, mafunso ambiri amadziwika kale: fotokozani za inu, munathetsa bwanji vuto lina pantchito, n'chifukwa chiyani mukufuna ntchito ino. Konzekerani mfundo zake, osati kuloweza ndime yonse, chifukwa woloweza akadulidwa pakati amasowa poyambira. Kuwerama ndi kuyankhula motsitsa, kumene kwathu ndi ulemu, ofunsa ena amakuona ngati mantha, choncho mawu amveke ndipo nkhope ikhale yodzuka.

Munthu angaphunzire bwanji ali pantchito kale?

Buku loyamba ndi ntchito yanu yomwe. Sonkhanitsani mafomu, maimelo ndi malipoti olembedwa bwino a pamalo panu, muone mmene amayambira, mmene amapemphera zinthu ndi mmene amathera. Khalani ndi kabuku kolembamo ziganizo zathunthu zimene mwamva zikugwira ntchito, osati mawu amodziamodzi. Wailesi ya MBC ndi Zodiak zimaulutsa nkhani m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mukamva za Chichewa poyamba, za Chingerezi zimalowa mosavuta. Masamba a zamalonda ndi zolengeza ntchito mu The Nation ndi The Daily Times amaonetsa kalembedwe ka m'maofesi. Pa kuyankhula, pezani mnzanu wa pantchito muziyeserera, wina akhale kasitomala wokwiya, wina womuthandiza. Ofuna maphunziro a satifiketi angafunse ku Salima Technical College ku Senga Bay ndi ku TEVETA, imene yakhala ikuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, kapena ku Malawi Institute of Tourism pa ntchito za m'mahotela. Mapulogalamu omasulira a pafoni amathandiza, koma manambala ndi mayina muziwayang'ananso nokha.

Nanga Chichewa ndi Chiyao zili pati?

Zili pakati pa ntchito yeniyeniyo. Mlimi wa nzimbe kapena wa mango amamva bwino za mtengo ndi sikelo m'chiyankhulo chake, ndipo kampani imadalira wantchito wotha kutenga uthenga wa ofesi kuufikitsa kumudzi, n'kubweza yankho la kumudzi osalisintha. Wotsogolera alendo amalemekezedwa chifukwa cha zimene akudziwa: kuti zilumba za Maleri ndi mbali ya Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, kuti pachilumba cha Mbenji mafumu amatseka usodzi nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, kuti mwera ukayamba boti laling'ono silipita kutali. Nzeru zimenezi zimaphunziridwa padoko ndi kwa akuluakulu, ndipo Chingerezi chimangozifikitsa kwa wobwera. Choncho poyesa ngati mwapita patsogolo, musawerenge mawu atsopano amene mwaloweza. Onani ngati wolandira uthenga wanu amachita cholondola osabwereranso kudzafunsa chimene mumatanthauza.